Funsani Wazamankhwala: Mankhwala akale akukanika, atsopano ali kuti?

Mwezi watha ndinatchula mongodutsa kuti bakitirimu amene tinkamudalira kale, lero sakuchiritsanso matenda ambiri omwe ankachiritsa. Chiganizo chimodzi chomwecho chabweretsa makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp ochuluka kuposa nkhani yonse ya shuga imene ndinagonera mochedwa kulemba. Ndasankhapo ochepa. Ena ndawafupikitsa, ndipo mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

"Bambo, mwana wanga wa miyezi 8 anagonekedwa m'chipatala masabata atatu. Anamubaya jakisoni masiku asanu koma thupi osasiya kutentha. Atamuyeza magazi anati kachilombo kake sikakumva mankhwala, ndiye anasintha. Panopa ali bwino. Apongozi anga akuti thupi la mwanayu lazolowera mankhwala chifukwa ndimathamangira naye kuchipatala pafupipafupi. Kodi ndi zoona? Nanga ngati mankhwala akalewa atha mphamvu, bwanji osangopanga ena?"
Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Mayi, tithokoze kaye kuti mwana watuluka. Apongozi anu muwauze mwaulemu kuti thupi la mdzukulu wawo silinazolowere kanthu, ndipo inu musasiye kuthamangira naye kuchipatala. Chimene chimazolowera mankhwala ndi kachilomboko. Mwana amene sanamwepo ngakhale panado chibadwire akhoza kutenga kachilombo kosamva mankhwala, chifukwa kanaphunzira kale ukathyali wakewo m'thupi la munthu wina.

Ndisanayambe kukhala kuseri kwa kauntala ya famase ndinagwira ntchito mu labotale ya chipatala, ndiye ndikuuzeni zimene zinachitika ndi magazi a mwana wanu aja. Anawathira m'botolo la msuzi umene mabakiteriya amaukonda, n'kuliika pofunda. Atamera, anawapaka pa kambale kokhala ndi chakudya chawo cholimba ngati phala lozizira, kenako n'kuyalapo timapepala tozungulira, tochepa kuposa batani la shati, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala akeake. Mawa lake mmawa ukatsegula, mabakiteriya amakhala atamera kambale konse ngati kapinga, koma pozungulira kapepala ka mankhwala amene akugwira ntchito pamakhala poyera ngati pabwalo posesa. Bwalolo timaliyeza ndi rula. Likakhala lalikulu, mtima umakhala m'malo. Koma pali mmawa wina umatsegula kambale n'kupeza mabakiteriya amera mpaka kukwera pa kapepala koyamba, kachiwiri, kachitatu, onse asanu ndi kamodzi. Ukatero umayang'ana pa fomu kuti uone zaka za mwini magaziwo, ndipo tiyi wa tsiku limenelo sakoma.

Ndikuganiza kuti jakisoni woyamba uja anali ceftriaxone, amene zipatala zathu zimamudalira kwambiri munthu akadwala mwakayakaya. Ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula zotsatira za magazi onse amene anayezedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo anazisindikiza mu 2017. Mu 2003, pa mabakiteriya 100 alionse a mtundu wa Klebsiella, pafupifupi 12 ndi amene ankatha kuswa mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 anali 90. A mtundu wina wotchedwa E. coli anachoka pa wosakwana mmodzi kufika pa 30. Zaka 13 zokha, mayi, ndiponso kwanu konko ku Blantyre. Padziko lonse, kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa choti mabakiteriya amene anawadwalitsa sankamva mankhwala.

Amatani kuti asamve? Ena amatulutsa timadzi timene timadula mankhwalawo pakati ngati sizasi. Ena ali ndi timapampu timene timalavula mankhwala akangolowa. Ena amasintha loko, kiyi wa mankhwala n'kumakana kulowa. Choopsa n'chakuti nzeruyi amagawana. Bakiteriya amatha kupatsira mnzake, ngakhale wa mtundu wina, kachidutswa ka malangizo ake, monga mmene mumakapalira moto kwa aneba. Ndipo amaswana mofulumira: E. coli akapeza pabwino amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse, moti mmodzi pakutha pa maola 7 amakhala ataposa 2 miliyoni. Mankhwala akapha ofooka onse n'kusiya awiri olimba, mawa lake mudzi wonse ndi wa awiriwo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ndilo lovuta. Chifukwa choyamba ndi mmene mabakiteriya enawa anapangidwira. Klebsiella ndi E. coli ali m'gulu limene timati Gram-negative, kutsatira dzina la Hans Christian Gram wa ku Denmark amene mu 1884 anapeza njira yowasiyanitsira powapaka utoto. Amenewa ali ndi mipanda iwiri. Mankhwala odutsa mpanda wakunja amakanika wam'kati, odutsa wam'kati amakanika wakunja, ndipo wodutsa yonse amakumana ndi mapampu aja. Kampani ya GSK inavomera yokha mu 2007 kuti pakati pa 1995 ndi 2001 inachita ntchito zikuluzikulu 70 zosefa mankhwala mazanamazana a masauzande, koma oti n'kupitiriza nawo anapezekapo asanu basi.

Chifukwa chachiwiri ndi ndalama. Mankhwala a BP munthu amamwa moyo wake wonse, ndiye wopanga amagulitsa tsiku ndi tsiku. Mankhwala opha mabakiteriya amamwedwa sabata imodzi. Komanso akakhala atsopano ndi amphamvu, ife tomwe a zachipatala timawatsekera m'kabati kuti azituluka pokhapokha ena onse akalephera, ndipo timachita bwino kutero. Koma taganizani wa golosale amene wauzidwa kuti katundu wake wabwino koposa asamagulitse. Kampani ina ya ku America yotchedwa Achaogen inatha zaka zoposa khumi ikupanga plazomicin. Boma la kumeneko linavomereza mankhwalawo mu June 2018, ndipo pofika April 2019 kampaniyo inali itagwa. Kampani ya Novartis nayo inasiya kafukufuku wa mtunduwu mu 2018. Ku England boma linayamba mu 2022 kulipira makampani awiri ndalama yokhazikika, mpaka mapaundi 10 miliyoni pa chaka pa mankhwala amodzi, kaya agwiritsidwa ntchito ambiri kaya ochepa, monga mmene mumalipirira DStv kaya mwaonera kaya ayi. Nzeru ndi yabwino, koma ndi ya mayiko a matumba akuya.

Ndipo kupangidwa kwa mankhwala sikufanana ndi kufika kwake kuno. Tsiku lina Loweruka, pa chipatala china chimene sinditchula, dokotala wachitsikana anabwera yekha ku famase, osatuma nesi, atanyamula pepala la meropenem wa khanda la masiku anayi. Mankhwalawo si atsopano, alipo kuyambira m'ma 1990. Pa shelefu panalibe ngakhale botolo limodzi. Tinaimba mafoni mpaka madzulo kuti tibwereke kwina. Za tsiku limenelo ndilekere pomwepa.

"Ndili Fomu 4 ndipo ndimakonda Biology. Ndinamva pa wailesi kuti kompyuta yapeza mankhwala atsopano opha mabakiteriya. Kodi mankhwala amenewa amawapeza bwanji, ndipo ngati kompyuta ikutha, asayansi akufunikabe?"
Mtsikana wa ku Dedza

Mwanangu, funso lako landisangalatsa kuposa onse. Yamba ndi mphuno yako. Chizimalupsa chikagwa pa dothi louma la mu October, fungo lokoma lija ukulidziwa. Mbali yaikulu ya fungolo imachokera kwa mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces. Amenewa akhala akumenyana ndi anzawo m'dothimo kuyambira kalekale polimbirana chakudya, ndipo zida zawo ndi poizoni wopha mabakiteriya ena. Anthufe tinangobwereka zidazo. Streptomycin, mankhwala oyamba kuchiritsa chifuwa chachikulu, anapezeka mu 1943 ndi wophunzira wina, Albert Schatz, mu labotale ya Selman Waksman ku yunivesite ya Rutgers, America, kuchokera kwa mabakiteriya omwewa. Tetracycline, chloramphenicol, erythromycin, onse makolo awo ndi a m'dothi.

Penisilini ndiye anachokera ku chuku, chofanana ndi chobiriwira chija chimamera pa buledi wogonera. Nkhani ya Alexander Fleming ndi kambale kake ku London mu 1928 mwina aphunzitsi anakuuzani. Imene sakonda kunena ndi yotsatira. Panapita zaka zoposa khumi kuti gulu la Howard Florey ndi Ernst Chain ku Oxford lithe kuyenga penisilini wokwanira kupatsa munthu. Mu February 1941 anapatsa wapolisi wina, Albert Alexander, amene anali atatsala pang'ono kufa. Anayamba kupeza bwino. Mankhwala atayamba kuchepa, ankatenga mkodzo wake, kuyengamo penisilini wotsala, n'kumubayanso. Atatheratu, matenda anabwerera ndipo bamboyo anamwalira. Ndiye uone kuti kupeza chinthu chopha bakiteriya pa kambale ndi chiyambi chabe cha ulendo. Fleming yemwe, polandira mphoto ya Nobel mu 1945, anachenjeza kale kuti munthu womwa penisilini wosakwanira adzaphunzitsa tizilombo kusamva.

Kuyambira m'ma 1940 mpaka m'ma 1960 asayansi ankangokumba dothi kulikonse, ndipo magulu ambiri a mankhwala amene tikugwiritsa ntchito lero anapezeka nthawi imeneyo. Kenako chitsime chinaoneka ngati chaphwa. Akakumba, ankangopezanso streptomycin yemwe uja, tetracycline yemwe uja. Vuto linali lakuti pa mabakiteriya 100 a m'dothi, pafupifupi 99 amakana kumera mu labotale. Ali ngati mbewu ina imene imangofuna dothi lakwawo.

Gulu la Kim Lewis ndi Slava Epstein pa yunivesite ya Northeastern ku Boston linaganiza zoti ngati bakiteriya sakufuna kubwera ku labotale, labotale ipite kwa iye. Anapanga kachipangizo ka timaenje ting'onoting'ono kotchedwa iChip. M'kadzenje kalikonse amaikamo bakiteriya mmodzi, kutseka ndi kansalu kolola madzi ndi chakudya cha m'dothi kudutsa, n'kukakwirira kachipangizoko m'dothi momwemo. Ambiri amene ankakana anayamba kumera. Mwa iwo, wochokera m'dambo lina ku Maine anatulutsa teixobactin, amene analengezedwa mu 2015. Papita zaka zoposa khumi, ndipo pa shelefu yanga sanafikebe.

Za kompyuta zimene unamvazo mwina ndi za halicin. Mu 2020 gulu la pa yunivesite ya MIT ku America, la James Collins ndi Regina Barzilay, linaonetsa kompyuta mankhwala pafupifupi 2,300 ndi kuiuza amene amaletsa E. coli kumera ndi amene saletsa. Itaphunzira, anaipatsa ena masauzande angapo kuti isankhe. Inaloza amodzi amene poyamba ankawafufuzira matenda a shuga, ndipo atawayesa pa timbale ndi pa mbewa za mu labotale anapha mabakiteriya ovuta. Tamvetsa bwino pamenepa: mankhwala 2,300 ophunzitsira aja anayezedwa ndi manja a anthu. Amene kompyuta inasankha anayesedwanso ndi manja a anthu. Kompyuta inachita ntchito ya mlozi, kunena kuti kumbani apa. Khasu linali la munthu. Halicin nayenso sanafike m'chipatala.

Awiri amene ine ndimawasirira ndi awa. Cefiderocol wa kampani ya ku Japan ya Shionogi, amene anavomerezedwa ku America mu 2019, ndi nyambo yeniyeni. Bakiteriya amafuna ayironi kuti akhale moyo, ndipo ali ndi khomo lapadera lolowetsera ayironiyo. Anthu anamangirira poizoni ku kanthu kogwira ayironi, bakiteriya n'kumakokera yekha m'nyumba kudzera pa khomo lakelo. Winayo ndi zosurabalpin wa kampani ya Roche ndi ofufuza a ku Harvard, amene analengezedwa mu January 2024 atasefa mankhwala pafupifupi 45,000. Amalimbana ndi Acinetobacter baumannii, bakiteriya wa m'zipinda za odwala kwambiri. M'malo molimbana ndi kudutsa mipanda yonse, amatseka njira imene bakiteriya amatumizira njerwa zomangira mpanda wakunja. Njerwazo zimaunjikana m'kati mpaka mwini wake kufa nazo. Ameneyu akuyesedwa pa anthu.

Kuyesa pa anthu kuli ndi magawo atatu: poyamba anthu athanzi ochepa, kuona ngati sakuvulaza, kenako odwala ochepa, kupeza mlingo, pomaliza odwala mazana kapena masauzande, kuyerekeza ndi mankhwala amene alipo kale. Ulendo wonse umatenga zaka 10 mpaka 15 ndipo ambiri amagwa panjira, kawirikawiri chifukwa choononga impso kapena chiwindi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO litawerenga mu 2023 linapeza mankhwala 32 okha amene ankayesedwa olimbana ndi mabakiteriya oopsa kwambiri, ndipo 12 okha ndi amene anali ndi chachilendo chenicheni. Enawo ndi akale ovekedwa malaya atsopano. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ngati uli wodekha, malo alipo. Koma Chemistry usamuthawe. Ambiri okonda Biology amagwera pamenepo.

"Ine ndili ndi zaka 71. Makolo athu ankachiritsa zilonda ndi m'mimba ndi muwawani, nimu ndi mitengo ina. Inu ophunzira mukudandaula kuti mankhwala achizungu atha mphamvu. Bwanji osabwera kudzatifunsa?"
Agogo a ku Ntchisi

Agogo, mwatidzudzula ndipo pena mwalasa. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. LA amene timamwa tikadwala malungo ali ndi mankhwala ochokera ku chitsamba cha ku China, amene mayi Tu Youyou ndi gulu lawo anawayenga mu 1972 atafufuza njira zoposa 2,000 za makolo a kumeneko, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2015. Wonyoza mitengo sadziwa mbiri ya ntchito yake yomwe.

Koma ndisakunamizeni. Pa mabakiteriya, mitengo sinatipatsebe zambiri ngati dothi ndi chuku. Masamba ndi makungwa ambiri amapha mabakiteriya pa kambale kanga kaja, n'zoona. Komatu sopo nayenso amapha, Jik amapha, kachasu amapha. Chovuta ndi kupeza chimene chingalowe m'magazi a khanda, kukafika ku mapapo kapena ku ubongo, kupha mdani n'kusiya impso zili bwinobwino. Zambiri za m'mitengo zimafuna mlingo waukulu kwambiri kuti ziphe bakiteriya, mlingo umene thupi silingaupirire. Kutsuka bala kunja ndi nkhani ina, matenda a m'magazi ndi nkhani inanso.

Palinso za muyezo. Muwawani wa ku Ntchisi ndi wa ku Nsanje sangakhale ndi mphamvu yofanana, wa m'dzinja ndi wa m'chilimwe chimodzimodzi. Mwa mankhwala 2,000 a mayi Tu aja, amene anafika m'chipatala ndi amodzi, ndipo nawonso anagwira ntchito atasiya kuwawiritsa pa moto waukulu umene unkapha mphamvu yake. Ndiye pempho langa ndi ili. Khalani pansi ndi mdzukulu wodziwa kulemba, alembe m'kope mtengo uliwonse, mbali imene mumatenga, nyengo yake, kakonzedwe kake ndi matenda ake. Aumitsenso tsamba ndi duwa pakati pa mapepala, chifukwa dzina limodzi limatchula mitengo yosiyana m'maboma osiyana, ndipo akatswiri ngati a ku National Herbarium ku Zomba amazindikira mtengo poona tsamba ndi duwa. Wofufuza akadzabwera, adzayambira pa kope limenelo. Koma mdzukulu yemweyo akatentha thupi n'kumapuma mothamanga, muwawani adikire, kuchipatala kaye.

"Achimwene, mng'ono wanga amene tikukhala naye kuno amupeza ndi TB yosamva mankhwala. Malume athu anadwala yomweyi kalekale atabwera ku migodi, anabayidwa jakisoni miyezi yambiri mpaka anagontha. Mng'ono wanga akuopa, akufuna kubwerera kumudzi."
Bambo wa ku Mangochi, okhala ku Johannesburg

Achimwene, muuzeni kuti mankhwala amene anagonthetsa malume anu si amene apatsidwe iye. Pa nkhani yonseyi, TB ndi pamene mankhwala atsopano anafikadi kwa anthu wamba, ndipo dziko limene mulilo ndi limene linatsogola.

Kale chithandizo chinkatenga miyezi 18 mpaka 24, mapiritsi odzaza dzanja tsiku lililonse kuphatikiza jakisoni ngati kanamycin, amene amaononga makutu osabwereranso. Mu December 2012 kunavomerezedwa bedaquiline, mankhwala a TB oyamba a mtundu watsopano patatha zaka pafupifupi 40. Amazimitsa kachigayo kamene kachilombo ka TB kamapangira mphamvu. Mu 2018 South Africa inaganiza zosiya jakisoni uja n'kuika bedaquiline m'malo mwake. Mu 2019 kunabwera pretomanid, wopangidwa ndi TB Alliance, bungwe losafuna phindu. Anamuyesa ku South Africa komweko pa odwala 109 a TB yovuta kwambiri, pamodzi ndi bedaquiline ndi linezolid, ndipo pafupifupi 9 pa 10 alionse anachira. Kuyambira 2022 WHO ikulimbikitsa chithandizo cha miyezi 6, chakumwa chokhachokha, kwa odwala ambiri a TB yosamva mankhwala. Madokotala ndi amene aone ngati mng'ono wanu akuyenera chimenechi kapena chotalikirapo.

Si switi ayi. Linezolid amatha kuchititsa dzanzi kapena kutentha kumapazi, kuchepetsa magazi, pena kusokoneza maso. Bedaquiline amafuna kuti aziyezedwa kagundidwe ka mtima. Akamva chachilendo akanene ku kiliniki, asasiye yekha. Ndikunena izi chifukwa TB yosamva bedaquiline yayamba kale kuoneka ku South Africa ndi ku Mozambique, pomwe mankhwalawo angotha zaka khumi ndi zochepa. Za kumudzi, asakwere basi ya maola 30 akutsokomola pakati pa anthu 60. Ayambe mankhwala komweko. Akafuna kubwera pambuyo pake, apemphe kalata yomusamutsa ndi mankhwala a panjira, kuno akafikire ku ofesi ya TB ya pa chipatala cha boma lakwanu. Inu ndi onse ogona nyumba imodzi mukayezetse.

"Ndamwa makapusozi ogula pa msika kawiri koma chinzonono sichikutha. Ndamva kuti kwabwera mankhwala atsopano. Ndingawapeze kuti?"
Mnyamata wa ku Mzuzu

Pa msika simuwapeza, ndipo wokuuzani kuti ali nawo akukuberani. N'zoona kuti pali zoliflodacin, wakumwa kamodzi, amene bungwe losafuna phindu la GARDP linamuyesa pa anthu oposa 900 ku South Africa, Thailand, America, Belgium ndi Netherlands, ndipo zotsatira za mu 2023 zinaonetsa kuti akuchiritsa mofanana ndi jakisoni. Anamupangira chinzonono chokha, dala, kuti asathe mphamvu msanga. Chinzonono chinagonjetsa kale penisilini, tetracycline ndi ciprofloxacin, mmodzimmodzi. Chatsala kuopa jakisoni wa ceftriaxone, ndipo ameneyo ali kuchipatala. Pitani mawa, ndipo mnzanuyo mupite naye, apo ayi muzingobwezerana. Manyazi a mphindi khumi pa benchi ndi abwino kuposa kutsekeka njira ya mkodzo.

"Ndimaweta nkhuku za mabroila 300. Ndimazithirira mankhwala a ufa wachikasu m'madzi kuyambira tsiku loyamba kuti zisadwale. Mnzanga akuti ndikuononga mankhwala a anthu. Nkhuku ndi munthu zikugwirizana pati?"
Mayi wa ku Mitundu, Lilongwe

Mayi, zikugwirizana pa manyowa. Ufa wachikasuwo tayang'anani pa paketi, ndikukhulupirira mupezapo oxytetracycline kapena mnzake, ndipo ameneyo ndi m'bale wa doxycycline amene ine ndimapereka kwa anthu. Nkhuku 300 zikamamwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, m'matumbo mwake mumasanduka sukulu ya mabakiteriya. Zitosi mumagulitsa kwa a madimba, madimba amathirira ndi madzi omwe ana amasambamo, mpiru umabwera pa msika.

Zinachitikapo kale. Colistin ndi mankhwala akale amene madokotala anawasiya m'ma 1970 chifukwa choononga impso, kenako anawabwerera atasowa pogwira. Nthawi yonseyo alimi a m'mayiko ena ankawathira m'zakudya za nkhumba ndi nkhuku kuti zinenepe msanga. Mu November 2015 ofufuza ku China analengeza kuti apeza mu E. coli wa nkhumba kachidutswa ka malangizo kotchedwa mcr-1, kopangitsa colistin kusagwira ntchito, kotha kudumphira kwa mabakiteriya ena. Patangopita miyezi yochepa kanapezeka m'mayiko ambiri, mwa anthu omwe. China inaletsa colistin wonenepetsera ziweto mu 2017.

Ndikudziwa kuti mpamba wanu wonse uli m'kholamo ndipo anapiye ndi chakudya zakwera mtengo, ndiye sindikunena kuti nkhuku yodwala muziingoyang'ana. Koma zimene zimapululutsa khola, chitopa ndi gumboro, ndi mavairasi, ndipo ufa wachikasuwo suwakhudza n'komwe. Ndalama imeneyo ipite ku katemera pa masiku ake, utuchi wouma, madzi aukhondo ndi beseni la mankhwala opondamo pakhomo la khola. Zikadwala, itanani alangizi a ziweto aone kaye, ndipo mankhwala muwapatse pa mlingo wake ndi masiku ake, osati pang'onopang'ono mwezi wonse. Pa paketipo palembedwanso masiku oyenera kudikira kuchokera pomwe zasiya kumwa kufika pozipha. Awerengeni chobwerera kuchokera tsiku limene mwapangana ndi ogula, mulembe ndi khala pa chitseko cha khola kuti mnyamata wanu asaiwale. Masikuwo akakwana, mundisungireko ziwiri za Khirisimasi.